Sitika ya pa Pikapu ya Malume

Panali munthu wina pamalo ena a malonda, m'mbali mwa msewu wa tala, amene anali ndi pikapu yabuluu. Pikapuyo ndiyo inali khasu lake. Ankanyamula matumba a chimanga, njerwa, mbuzi, maliro, chilichonse chimene munthu akufuna kuti chichoke apa chikafike apo. Sanali munthu woipa ayi. Koma mtima wake unali wosachedwa kupsa, wochedwa kuzizira, ndipo inu mukudziwa kuti mtima wotere umazunza mwini wake kuposa anansi.

Munthuyu anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, wobadwa pambuyo pake, dzina lake Nankhoma. Mayi awo pomwalira anasiya dimba m'mbali mwa mtsinje. Iye ankafuna kuumbapo njerwa, poti dothi lake linali labwino. Akuluakulu a pabanja atakhala pansi anati dimba ndi la mwana wamkazi, monga mwa mwambo wa kwawoko, pakuti mwana wamkazi ndiye tsinde la mudzi. Nkhani inathera pomwepo. Koma kwa munthu uja ndi pamene inayambira.

Kukalankhula ndi mlongo wake sanapite. Kukadandaula kwa akuluakulu aja sanapitenso. Anapita kwa mayi wina wolemba zikwangwani ndi kudula masitika, a Nachisale, amene ankamata mayina pa magolosale ndi pa minibasi za dera lonselo. Anawapatsa kapepala kolembedwa mawu amene ankafuna kuti amatidwe pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, m'zilembo zikuluzikulu zoti munthu awerenge ali patali.

Mawuwo anali akuti: WOKUPHA NDI M'BALE WAKO.

A Nachisale anawerenga kapepalako kawiri. Anamufunsa ngati sakufuna kuyamba wagona kaye abwere mawa. Anamuuzanso kuti masitika awo si a masewera, akagwira agwira. Munthu uja anati ndi zomwe akufunazo, zogwira. Basi mayiwo anagwira ntchito yawo monga mwa luso lawo. Anatsuka chitseko ndi sopo, anachipukuta mpaka chinauma gwaa, anayeza mzere ndi chingwe, kenaka anamata chilembo chimodzichimodzi, akusita ndi kakhadi ka pulasitiki kuyambira pakati kupita m'mbali kuti mpweya usatsalire mkati. Ntchito yonse sinathe ndi theka la ola lomwe.

Mawuwo sanatchule dzina la munthu. Koma pamalo ang'onoang'ono ngati amenewo, ndani amene sankadziwa? Nankhoma ankagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba za kudimba lomwe lija, ndipo benchi yake inali pafupi ndi poimika magalimoto. M'mawa uliwonse munthu uja ankaimika pikapu chobwerera m'mbuyo, chitseko chija chitapenyana ndi benchi ya mlongo wake. Mwana wa mayi wako kumuchita zotero tsiku ndi tsiku! Nankhoma ankangosanja tomato wake maso ali pansi. Zaka zisanu zinatha chomwecho, dzuwa likuwomba pa zilembo zija, mvula ikuzinyowetsa, anthu awiriwo osapatsana ndi moni womwe.

Tsono Nankhoma anali ndi mwana wamkazi, Tiyanjane, amene anakula napeza mwamuna womufunsira. Tsiku la chinkhoswe linaikidwa, Loweruka. Kwawoko mwana wamkazi akamalowa m'banja, woima kutsogolo ndi malume wake, mlongo wa mayi. Ndiye nkhoswe, ndiye mwini mbumba, ndiye amene a kuchimuna amalankhula naye lero, ndi mawa banja likadzagwedezeka. Ndipo malume wa Tiyanjane analipo mmodzi yekha padziko lapansi.

Munthu uja anamvera kwa anthu kuti mlongo wake wapempha mkulu wina wa mpingo kuti akaime m'malo mwake. Anaseka pamaso pa anzake, nati zilibe kanthu, apuma. Koma chakudya chinamukanika tsiku limenelo. Mwanayu anamunyamulapo ali wakhanda, anamuperekezapo ku sukulu tsiku loyamba. Lero mlendo akaime pamalo pake, iye ali moyo, akuyenda ndi miyendo yake iwiri? Zinamupweteka kwambiri.

Lachiwiri masana Tiyanjane anabwera yekha kunyumba kwa malume wake. Anagwada pakhonde, nalankhula motsitsa.

"Amalume, ine ndikufuna inu. Koma amayi akuti munthu woyenda ndi mawu aja sangaimire mwana wawo. Akuti a kuchimuna akawerenga adzafunsa kuti wakuphayo ndani."

Sanapemphe china. Anatsanzika n'kumapita. Munthu uja anamanga mfundo mumtima mwake kuti zivute zitani, Loweruka akaima pamalo pake.

Koma taonani mmene ife anthu timakondera njira zachidule. Lachitatu m'mawa anapita pamsika kwa anyamata ogulitsa masitika opangiratu, nagula yaitali, yoyera, yolembedwa kuti MULUNGU NDI CHIKONDI. Sanatsuke chitseko. Anangopukuta fumbi ndi chipewa, n'kuimata pamwamba pa mawu akale, n'kuimenyamenya ndi chikhatho. Anabwerera m'mbuyo, naona kuti zakhala bwino, nadziyamikira kuti ndi wanzeru.

Pofika masana sitika ija inali itatuluka matuza ponseponse. Ngodya imodzi inamatuka n'kumakupiza ndi mphepo. Choipitsitsa, zilembo zakale zinatukumuka pansi pake ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba, moti aliyense ankatha kuziwerenga bwinobwino. A kabaza poimika njinga anaseka mpaka kugwira nthiti. Nankhoma pabenchi pake anakweza maso kamodzi, n'kuwabwezanso pa tomato wake.

Lachinayi anakanganula sitika yatsopano ija, yomwe sinavute n'komwe, natenga mpeni kuti apale zilembo zakale. Mpeni sunachite kanthu kabwino. Zilembo zinali zitaumiratu ndi dzuwa la zaka zisanu, ndipo zinkangobenthuka tizidutswa ting'onoting'ono ngati mamba a nsomba. Pamene mpeni watsetsereka unkasiya mzere pa penti. Atalimbana ndi chilembo choyamba kwa ola lathunthu anaona kuti wachotsa theka lokha, ndipo waononga chitseko. Anaponya mpeni pansi napita kwa a Nachisale.

Mayiwo anabwera kudzaona. Anasisita pamene mpeni unadutsa, napukusa mutu. Munthu uja anawapempha kuti achotse iwo, poti anamata ndi iwo omwe. Iwo anakana. Anati ntchito zawadzadza, ndiponso kuchotsa si ntchito ya luso ngati kumata, ndi ntchito ya zala ndi kudekha basi, ndipo imadya tsiku lathunthu.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo," anatero. "Njira ndikuuzani, koma zala zikhale zanu."

Ndipo anamuuza. Aimike galimoto poyera, chitseko chiloze kudzuwa, chitenthe. Aviike kansanza m'madzi otentha, aike pa chilembo, adikire guluu afewe. Akatero atukule kangodya ndi chikhadabo kapena kakhadi ka pulasitiki, osati chitsulo. Akoke pang'onopang'ono, motsitsa, chilembo chizipindikira kumbuyo kwake. Chikaduka asakwiye, aikenso kansanza, ayambirenso. Akakoka mwaukali chiduka msanga. Zilembo zikatha padzatsala guluu wakuda womata fumbi, ndipo ameneyo ndiye mwini nkhani, chifukwa pamene pali guluu wakale palibe chatsopano chimene chingagwire. Ameneyo apake palafini kapena mafuta ophikira, adikire, apukute, apakenso, mpaka chala chizitsetsereka osakodwa. Pomaliza atsuke ndi sopo.

Malo oyera amene dzuwa linkawomba tsiku lonse anali amodzi okha, pabwalo la msika pomwepo, pamaso pa anthu onse. Kunyumba kwake kunali mitengo ya mango yochita mthunzi. Munthu uja anaganiza za manyazi, naganiza za Loweruka, naona kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lachisanu dzuwa litangokwera anaimika pikapu pakati pa bwalo. Anabwereka mbaula ndi ketulo kwa mayi wina wogulitsa tiyi. Anagwada pafumbi kumbuyo kwa galimoto yake, bambo wa imvi zake, nayamba.

Zilembo zinali khumi, zisanu ndi zinayi. Choyamba chija chinamalizika movuta, chifukwa mpeni unali utachiphwanyaphwanya. Chachiwiri chinaduka kanayi. Chachitatu anachikoka mwamphamvu, mtima wake wakale uja utamubwerera, ndipo chinang'ambika n'kusiya tizidutswa tambirimbiri toti atole kamodzikamodzi. Apo ndi pamene anaphunzira kuti chinthu ichi sichimva ukali. Anapumira m'mwamba, naviikanso kansanza, nadikira.

Anthu anabwera ndi katundu wawo. Wina anali ndi matumba a mtedza, wina malata. Anawabweza onse, nati lero galimoto siyenda. Anzake oyendetsa magalimoto anabwera kudzamuzungulira. Wina anafunsa ngati wakupha uja wamwalira. Wina anati ayi, mwina wasiya kupha, wayamba kupemphera. Anaseka chikhakhali. Iye sanatembenuke. Benchi ya Nankhoma inali yopanda munthu tsiku limenelo, poti anali kunyumba kukonzekera za mawa, ndipo munthu uja sanadziwe ngati zimenezo zinali zabwino kapena zoipa.

Dzuwa litafika paliwombo chitseko chinatentha moti kuchikhudza kunali ngati kugwira chiwaya. Koma ndi nthawi imeneyo pamene zilembo zinayamba kumvera. Chimodzi chinachoka chathunthu, chofewa, chikutamuka. Munthu uja anasangalala ngati mwana. Sanapite kukadya. Chikhadabo cha chala chachikulu chinathyoka, magazi anatuluka pang'ono, iye anangomanga kansalu n'kupitiriza ndi dzanja linalo. Nsonga za zala zinatuluka matuza ndi madzi otentha. Thukuta linkalowa m'maso. Mawondo anachita dzanzi. Oseka aja anatopa n'kubalalika mmodzimmodzi, poti munthu wosayankha sakoma kumuseka.

Chilembo chomaliza chitachoka panatsala guluu uja, wakuda, wonata, wooneka mawu omwewo. Anapaka palafini, nadikira, napukuta. Anapakanso. Kansanza koyamba kanada bii, anatenga kena. Anachita zimenezi mpaka chala chake chinayenda pachitseko ponse osakodwa paliponse. Kenaka anatunga madzi, natsuka ndi sopo, napukuta ndi malaya ake enieni. Anadzuka movutikira, nabwerera m'mbuyo mapazi angapo kuti aone ntchito ya manja ake.

Mawu aja anali pomwepo.

Sitika panalibe, guluu panalibe. Koma chitseko chonse chinali chitatuwa ndi dzuwa la zaka zisanu, pamene pansi pa zilembo penti anali watsopano, wabuluu weniweni, monga tsiku limene galimoto inagulidwa. Chilembo chilichonse chinkaoneka bwinobwino. Munthu uja anaima chilili, manja ali lende. Anagwa mphwayi, ndipo pang'ono akanalira pamsika pomwepo.

A Nachisale anali atabwera kudzaona mmene zathera. Anamuuza zoona. Anati ichi palafini sachotsa, sopo sachotsa. Wopaka penti ali kutauni ndipo ntchito yake ndi ya masiku angapo. Kupanda apo, chisiyidwe chomwecho, dzuwa lidzachifananitsa lokha, koma ndi nkhani ya miyezi, kapena zaka. Atatero anamumvera chisoni, poona zala zake. Anapita kukatenga sitika yaikulu ya maluwa, yokwana chitseko chonse, nati tsopano poti pamalo payera, iyi igwira bwino, popanda thuza ndi limodzi lomwe, ndipo palibe amene adzadziwe chimene chili pansi.

Munthu uja anailandira. Inali yokongola ndithu. Anaiyeza pachitseko, ndipo inaphimba zonse. Kenaka anaipinda bwinobwino n'kuibweza m'manja mwa mwini wake.

"Zikomo, mayi. Koma Nankhoma adziwa chimene chili pansi. Ndaphimbapo kale kamodzi sabata ino."

Anabweza mbaula ndi ketulo, nakwera galimoto, nalunjika kwa mlongo wake, kumene anali asanapondeko zaka zisanu.

Pakhomo panali anthu ambiri. Amayi ankasefa thobwa m'migolo, ena ankasankha mpunga pamphasa, ana ankathamangathamanga. Pikapu yabuluu itatulukira, phokoso lonse linatha. Munthu uja anaitembenuza, naiimika chitseko chakumbuyo chitaloza pakhonde pamene Nankhoma anakhala. Amayi ena anayang'anana, poganiza kuti wabwera kudzayambitsa ndewu tsiku lokonzekera chinkhoswe. Iye anatsika, navula chipewa, nanjuta pansi pambali pa chitsekocho.

"Achemwali, ndachotsa, koma akana kutheratu. Onani nokha. Ndinamatitsa ndine, ndipo ndinkanena inu. Inu simunandiphe, simunandilande kanthu. Ndinalakwa ine."

Nankhoma anadzuka pang'onopang'ono. Anapukuta manja pachitenje, nabwera kudzaima kumbuyo kwa galimoto. Anawerenga mawuwo mokweza, limodzilimodzi, anthu onse akumva. Anayendetsa chala pachitseko, napeza kuti ndi posalala, kupatula pamene mpeni unakanda. Anayang'ana zala za mlongo wake, zotupa, zomangidwa kansalu, zonunkha palafini.

"Achimwene, ine mawu awa ndawawerenga m'mawa uliwonse zaka zisanu. Pepani sapoletsa chilonda."

Iye anavomera kuti ndi zoona. Sanatchule za dimba, sanatchule za mawa.

Nankhoma anatembenuka napita kuseri kwa nyumba. Sananene kuti abwera. Munthu uja anakhala chinjutire. Palibe amene anamupatsa mpando, palibe amene anamuthamangitsa. Tiyanjane anasuzumira pazenera n'kubwereranso mkati. Nthawi inapita ndithu, mpaka munthu uja anayamba kuganiza kuti yankho lake ndi lomwelo, ndipo analibe wina woti amudandaulire koma iye mwini.

Kenaka Nankhoma anatulukira. M'manja mwake munali nkhuku yamsoti, yomangidwa miyendo ndi luzi. Inali nkhuku ya chinkhoswe, imene nkhoswe ya kuchikazi imapereka ndi manja ake polandira tambala wa a kuchimuna. Anaima pamaso pa mlongo wake, nkhope yake isanamasuke, misozi ili m'maso. Anawerama n'kuiika m'manja otupa aja.

"Mukaisunge kwanu. A kuchimuna afika mawa m'ma teni koloko. Musachedwe."

M'mawa mwake malume anaima pamalo pake, atavala jekete, napereka mwana wa mlongo wake. Pikapu inali panja ndi mawu ake abuluu aja kumbuyo, ndipo aliyense wofuna kuwerenga anawerenga.

Abale anga, inu amene mwamva fanizoli, aliyense aganize chimene anamata pa mnzake. Mwina sichili pa galimoto. Mwina ndi dzina limene munamupatsa pagulu, kapena mawu amene munalankhula tsiku limodzi mutapsa mtima, ndipo akhala padzuwa mpaka lero. Kumata kunakutengerani kanthawi kochepa. Musayembekeze kuti kuchotsa kudzakhala chimodzimodzi. Musaphimbe ndi moni wa pamsewu, kapena ndi vesi, kapena ndi mphatso, chifukwa mwini wake akudziwa chimene chili pansi. Gwadani muchotse ndi zala zanu, pang'onopang'ono, mpaka guluu yemwe. Ndipo mukadzapeza kuti chipsera chatsala, chosatheka kuchifufuta, musadikire kuti chithe kaye. Nyamukani nacho chomwecho, mupite kwa m'bale wanuyo lero, akadali woti n'kukumvani.